Selly Manor Museum: nyumba imene anaisamutsa kuti Bournville akhale ndi chiyambi

Anthu ambiri amene amatsika sitima pa siteshoni ya Bournville, kummwera kwa mzinda wa Birmingham ku England, amakhala akupita ku Cadbury World kukaona mmene amapangira chokoleti, ndipo n'zosadabwitsa chifukwa ngakhale zitsulo za pasiteshonipo anazipaka utoto wapepo umene kampani ya Cadbury imadziwika nawo. Ine ndikufuna kukamba za malo ena aang'ono, opanda phokoso, amene ali pa Maple Road, kamtunda kochepa kuchokera pabwalo lapakati pa mudziwo. Malowa ndi Selly Manor Museum, nyumba yosungiramo zinthu zakale imene imayendetsedwa ndi bungwe la Bournville Village Trust. Ndinakhalako masana athunthu, ndipo maganizo anga ndi akuti munthu amene akufuna kumvetsa mmene dera limeneli linakhalira mudzi wa anthu odziwana, osati mzere wa nyumba chabe, ayenera kuyambira pamenepa.

Kuti nyumbayi imveke bwino, pafunika kudziwa kaye za mudzi umene inaikidwamo. M'chaka cha 1879 abale awiri, George ndi Richard Cadbury, anachotsa fakitale yawo pa Bridge Street, pakati pa utsi ndi kuthithikana kwa Birmingham, n'kukaimanga kuminda, pafupifupi mamailosi 4 kuchokera mumzinda, m'mbali mwa kamtsinje kotchedwa Bourn. Anasankha malowo chifukwa panali njanji komanso ngalande ya Worcester and Birmingham yodzera mabwato a katundu. Pambuyo pake George anagula maekala 120 ndi ndalama zake, ndipo kuyambira mu 1895 nyumba zinayamba kumangidwa motsatira mapulani a William Alexander Harvey, mmisiri amene pa nthawiyo anali akadali mnyamata. Lamulo linali lakuti nyumba isadye malo opitirira gawo limodzi mwa magawo anayi a puloti, kuti banja lililonse likhale ndi dimba, ndipo m'madimbamo ankadzaliratu mitengo ya zipatso anthu asanalowe. Mu 1900 George anapereka mudzi wonse, nyumba 313 pa maekala 330, m'manja mwa Bournville Village Trust, bungwe losiyana ndi kampani, ndipo nyumbazo sizinali za ogwira ntchito pafakitale okha ayi.

Mudzi woterewu unali ndi zonse kupatula chinthu chimodzi, ndicho ukale. Chilichonse chinali chatsopano, chonunkha laimu ndi utoto. Apa ndi pamene nkhani ya Selly Manor imandigwira mtima. Nyumbayi poyamba inali ku Bournbrook, pafupifupi mailosi imodzi kuchokera pamene ili lero, ndipo imatchulidwa m'zolembedwa za mu 1476 ndi dzina lakuti Smythes Tenement. Pofika zaka za m'ma 1800 inali itatsika ulemu, itagawidwa kukhala tinyumba ta lendi ta mabanja osauka, anthu akuitcha The Rookery. Itatsala pang'ono kugwetsedwa, George Cadbury anaigula mu 1907, ndipo patapita zaka zingapo amisiri anaiphwasula mtengo umodziumodzi, n'kudzaimanganso ku Bournville moyang'aniridwa ndi Harvey yemwe uja. Ntchitoyi inatha mu 1916. Choncho imodzi mwa nyumba zakale kwambiri m'mudzimo ndi yobwera, monga analili anthu onse oyamba kukhalamo, ndipo kwa ine mfundo imeneyi ndi imene imapereka tanthauzo ku zonse zimene mlendo amaona mkatimo.

Ukafika pakhomo, choyamba kukopa maso ndi mafupa a nyumbayo, amene ali poyera. Nsichi ndi mitanda ya mtengo wa oki, yakuda ndi ukalamba, zinalumikizidwa ndi zikhomo zamtengo, ndipo mipata yapakati ina ndi yomata, ina anatsekamo ndi njerwa. Ndinaima nthawi yaitali pakona ina ndikusisita mtanda umodzi umene unali ndi mikwingwirima ya chida cha mmisiri amene anausema, ndipo chala changa chinkalowa m'ming'alu imene mtengowo unang'ambika pouma zaka mazana apitawo. Palibe mzere wowongoka m'nyumba monsemo. Pansi pa zipinda zam'mwamba ndi popendekera moti umamva thupi likukokera mbali imodzi, matabwa amalira pa phazi lililonse, ndipo munthu wamtali amayenera kuwerama podutsa pamakomo ena.

Katundu wa mkatimo anasonkhanitsa ndi Laurence Cadbury, mwana wa George, ndipo wambiri ndi wa m'zaka za m'ma 1500 ndi 1600. Muli mabokosi olemera a oki ogobedwa maluwa, mabedi, mipando, matebulo ndi ziwiya za kukhitchini zozungulira pamoto. Chimene ndinakonda kwambiri n'chakuti zinthuzi sanaziike patali ngati za m'sitolo yodula. Zili m'zipinda monga mmene banja likanaziikira, ndipo munthu amaziyandikira mpaka kuona pamene manja a anthu anapereseza thabwa. Mayi wina wothandiza alendo anandifotokozera modekha mmene ankaphikira pamoto wotsegukawo ndi mmene ankasungira chakudya m'nyengo yachisanu, ndipo ankayankha mafunso anga ngati munthu amene nyumbayo ndi yake. Ulemu ndi chidziwitso chake zinandipangitsa kukhala m'chipinda chimenecho nthawi yoposa imene ndinakonzera.

Pabwalo lomwelo pali nyumba yachiwiri, Minworth Greaves, imene ndi yakale kuposa Selly Manor. Imeneyi ndi holo imodzi yotseguka mpaka kudenga, yomangidwa m'njira yakale yotenga mtengo waukulu wopindika, kuung'amba pakati, n'kuimika mbali ziwirizo kuti zikumane pamwamba ndi kunyamula denga lonse. Inachokera ku Minworth, pafupi ndi Sutton Coldfield, ndipo inamangidwanso pano mu 1932. Masiku ano mumachitikira maukwati, misonkhano ndi maphunziro a ana asukulu, zimene zikusonyeza kuti malowa sanasiyidwe kuti azingoonedwa ndi alendo okha. Dimba lozungulira nyumba ziwirizi analikonza motsatira madimba a nthawi ya mafumu a ku England a banja la Tudor, lili ndi zitsamba zokometsera chakudya ndi zamankhwala, ndipo ndi malo abwino opumirapo.

Ulendowu sukwanira ngati munthu sanatuluke n'kuyenda pang'ono kupita ku The Green, bwalo laudzu limene ndi mtima wa mudziwo. Pakati pake pali Rest House, kanyumba ka mbali zisanu ndi zitatu kamene ogwira ntchito ku Cadbury anasonkherana ndalama n'kumanga mu 1914 pokumbukira zaka 25 za ukwati wa George ndi Elizabeth Cadbury, potengera maonekedwe a msika wakale wa ulusi wa ku Dunster. Chapafupi pali nyumba yopemphereramo ya mpingo wa Quaker ya mu 1905, yopanda zokongoletsa zambiri monga mwa chikhulupiriro chawo, ndipo pamwamba pa sukulu ya pulayimale pali mabelu oimbidwa ngati limba. George anawaika mu 1906 atamva ena otero ku Bruges, mzinda wa ku Belgium, ndipo anayamba ali 22, koma lero alipo 48. Chikhulupiriro cha a Quaker chomwecho, chimene banja la Cadbury linkatsatira, ndi chimene chinachititsa kuti m'mudzi wakalewo musamangidwe bawa, ndipo m'malo mwake anthu anapatsidwa mabwalo amasewero, mapaki ndi maholo, monga Rowheath Pavilion ya mu 1924. Chaka chilichonse m'nyengo yotentha kumachitika chikondwerero cha mudzi, pamene ana amavina mozungulira mzati wautali atagwira maliboni, mwambo umene agogo awo anavinanso ali ana.

Sindikufuna kuti wowerenga aganize kuti akapeza nyumba yaikulu yodzaza ndi zodabwitsa. Malowa ndi ochepa, ndipo amene amangodutsa mothamanga akhoza kumaliza ola lisanathe. Masitepe a nyumba yazaka zoposa 500 ndi opapatiza ndi otsetsereka, choncho okalamba ndi ovutika kuyenda adzasangalala kwambiri ndi zipinda zapansi, holo ndi dimba.

Palinso nkhani ina imene ndikuona kuti mlendo aliyense ayenera kupita nayo m'mutu, chifukwa kukongola kwa Bournville kumatha kuiwalitsa kumene chuma chake chinkachokera. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 gawo lalikulu la koko wa kampaniyi linkachokera kuzilumba za São Tomé ndi Príncipe, kumene anthu otengedwa ku Angola ankagwira ntchito m'minda mofanana ndi akapolo. William Cadbury, mwana wa Richard, anamva za nkhaniyi mu 1901, kampani inatumiza Joseph Burtt kukafufuza mu 1905, koma inasiya kugula koko kumeneko mu 1909, ikutembenukira ku Gold Coast, dziko limene lero ndi Ghana. Nyuzipepala ya Standard itawadzudzula chifukwa cha kuchedwaku, a Cadbury anaisumira n'kupambana mlandu, koma khoti linawapatsa chipukutamisozi cha kakobiri kamodzi kokha kotchedwa farthing. Sindikunena izi pofuna kuchepetsa zimene George Cadbury anachitira mabanja a ku Birmingham, pakuti madimba, masukulu ndi nyumba zolowa mpweya zinasinthadi moyo wa anthu amene akanakulira m'tinjira tamdima ta mumzinda. Ndikunena chifukwa ndili chiimire m'dimba la Selly Manor, fungo la chokoleti likubwera ndi mphepo kuchokera kufakitale, ndinaona kuti mbiri ya mudziwu imafika kutali kuposa malire ake, ndipo amene anathyola kokoyo ali ndi gawo lawo m'makoma amenewa.

Kampani ya Cadbury inagulidwa ndi kampani ya ku America ya Kraft mu 2010 ndipo tsopano ili pansi pa Mondelez, koma mudziwo udakali m'manja mwa bungwe limene George anakhazikitsa, ndipo ndi bungwe lomweli limene limasamalira nyumba ziwirizi. Amene akukonza ulendo akwere sitima ya Cross-City kuchokera pa Birmingham New Street, ayambe ndi Selly Manor mutu ukadali wopepuka, kenako ayende wapansi m'misewu yokhala ndi mayina a mitengo, monga Sycamore Road ndi Linden Road, akuona mmene nyumba iliyonse inasiyanirana ndi inzake. Ngati n'kotheka asankhe Loweruka, tsiku limene mabelu aja amakonda kuimbidwa, ndipo akawamvere atakhala pa benchi pafupi ndi Rest House.