The Power of the Daleks, Special Edition ya 2020: mawu ndi enieni, nanga katuniyu?

Mwa magawo 253 a Doctor Who, sewero la pa TV la ku Britain, amene BBC inaulutsa pakati pa 1963 ndi 1969, oposa 90 kulibe. Matepi a kanema anali odula masiku amenewo, ndiye sewero likaonetsedwa ankafufuta tepiyo n'kujambulapo pulogalamu ina. Makope a filimu omwe ankagulitsidwa kumayiko ena nawonso ambiri anawonongedwa m'zaka za m'ma 1970. Nkhani ya The Power of the Daleks inapita yonse, magawo 6 a mphindi pafupifupi 25 lililonse, amene anaulutsidwa kuyambira pa 5 Novembala mpaka pa 10 Disembala 1966. Kutayika kwake kumawawa kwambiri chifukwa ndi nkhani yoyamba ya Patrick Troughton atalowa m'malo mwa William Hartnell ngati wosewera Doctor, mwininkhani wa seweroli. Oonera akanamukana munthu watsopanoyu, seweroli likanathera pomwepo.

Chimene chili pa zimbale zitatu za Special Edition, kope lokonzedwanso la 2020, ndi katuni wojambulidwa motsatira mawu a 1966. Mawuwo alipo chifukwa okonda seweroli ena ankalijambula kunyumba pa matepi a mawu likamaulutsidwa. Ambiri ankangoika maikolofoni pafupi ndi sipika, koma Graham Strong analumikiza waya mwachindunji ku TV, choncho matepi ake alibe phokoso la m'nyumba. Mark Ayres ndi amene anayeretsa mawuwo. Apa palibe chodandaula: kupuma kwa osewera, kung'ung'udza kwa makina m'chipinda cha wasayansi Lesterson, zonse zikumveka bwinobwino. Ndalama zanu kwenikweni zikugula mawu amenewa, ndipo ndi oyenera ndalamazo.

Katuniyu anatuluka koyamba pa 5 Novembala 2016, patatha zaka 50 ndendende, motsogoleredwa ndi Charles Norton. Anapangidwa mothamanga ndipo zinkaonekera. Mu 2020 anakonzanso malo ambiri, makamaka gawo loyamba, n'kuutulutsa wa zithunzi zakuda ndi zoyera zokha. Ofuna wa mitundu afufuze kope lakale lija, koma adziwe kuti akugula katuni wosakonzedwa.

Ma Dalek, adani a Doctor okhala m'kati mwa makina achitsulo, ndiwo atuluka bwino koposa. Anawapanga pa kompyuta ngati zinthu zathunthu zotembenuzika mbali zonse, ndipo popeza Dalek alibe nkhope kapena mawondo, palibe chovuta kujambula. Amatsetsereka m'makonde amdima, diso lija likutembenuka pang'onopang'ono kutsatira munthu amene sakudziwa kuti akuyang'anidwa. Malo amene Lesterson akusuzumira n'kuona ma Dalek atsopano akutuluka pa lamba wa fakitale, mmodzi pambuyo pa mnzake, akuopsa ndithu. David Whitaker analemba ma Dalek ochenjera, odzionetsa ngati antchito omvera kwa anthu okhala pa pulaneti ya Vulcan kuti apatsidwe magetsi ndi zipangizo, ndipo katuniyu wasunga bata loopsa limenelo.

Vuto lili pa anthu. Munthu aliyense anajambulidwa ndi nkhope zowerengeka, mutu utayang'ana kuno kapena uko, n'kumasintha milomo ndi maso. Anthu awiri akaima n'kumakambirana zimayenda. Koma wina akayamba kuyenda, kukhala pansi kapena kumenyana, manja amauma ndipo thupi limakhala ngati likukankhidwa. Tsoka lake n'loti gawo loyamba limadalira zinthu zomwezo. Doctor watsopano amadzuka pansi, mphete ya Doctor wakale sikumukwananso pa chala, akusanthula m'bokosi, akudziyang'ana pa kalilole, akuliza chitoliro, pamene Ben ndi Polly, anzake oyenda naye, akukangana ngati ndi iye kapena ayi. Kwa mphindi zingapo mawu ndi ochepa, kumangomveka kugobeka kwa zinthu. Troughton anali katswiri wa nkhope, wosintha kuchoka pa chibwana kufika pa ukali m'kamphindi, ndipo zimenezo katuni wa ndalama zochepa sangazikwanitse. Kope la 2020 lachepetsa kuumako, silinakuthetse.

Pamenepa m'pamene okonda seweroli amagawanika. Gulu lina limati katuni azitsatira zimene zinaonetsedwa mu 1966 kadontho ndi kadontho, pogwiritsa ntchito zolemba za kayendetsedwe ka makamera ndi zithunzi za John Cura, munthu amene ankalipidwa kujambula sikirini ya TV pulogalamu ili mkati. Kwa iwo ngakhale kutambasula chithunzi kukhala 16:9, pomwe choyambirira chinali 4:3, n'kulakwa, chifukwa wotsogolera Christopher Barry anaika anthu mothithikana pa sikirini yopapatiza, ndipo ukaitambasula m'mbali mumatsala malo opanda kanthu. Gulu lina limati katuni ndi ntchito yatsopano, achite zimene katuni amachita bwino. The Macra Terror ya 2019, katuni wa nkhani ina yotayika ya Doctor Who, inatsata njira imeneyo: zilombo zooneka ngati nkhanu zinapatsidwa miyendo yothamanga ndipo kachigawo kena kovuta kujambula kanachotsedwa. Ena anakondwa, ena anati imeneyo si nkhani imene BBC inaulutsa.

Mbali zonse zili ndi mfundo, koma muyeso wabwino ndi khutu. Mawu anajambulidwa mu situdiyo yaing'ono, mapazi akugunda pa matabwa. Ojambula akaika holo yaikulu pa sikirini pamene khutu likumva kachipinda, woonera amazindikira kuti china sichikugwirizana ngakhale sangathe kuchitchula. The Power of the Daleks yakhala pafupi ndi mawu ake nthawi zambiri, ndipo n'chifukwa chake magawo 4 mpaka 6 amakugwira mpaka kuiwala kuti ndi katuni.

Chabwino china n'choti zimbalezi sizikukakamizani kusankha mbali. Mulinso nkhani yonse yolumikizidwa ndi zithunzi za Cura pamwamba pa mawu omwewo, tizidutswa tatifupi ta filimu yeniyeni timene tinapulumuka, ndemanga za amene anagwira nawo ntchitoyi, komanso kope la mawu okha la 1993 lofotokozedwa ndi Tom Baker, amene nayenso anasewerapo Doctor. Oyamba kumene aonere katuni kaye, gawo limodzi kapena awiri pa tsiku, popeza nkhaniyi inalembedwa kuti izionedwa mlungu ndi mlungu ndipo mphindi 150 nthawi imodzi zimatopetsa. Akamaliza abwerere ku gawo loyamba la zithunzi za Cura. Zithunzizo ndi zosayenda komanso zambuu, koma nkhope ndi ya Troughton mwiniwake.

Musanagule, onani kuseri kwa bokosi. Mabokosi a 2016 ndi 2020 ali ndi dzina limodzi, ndiye tsimikizani kuti palembedwa Special Edition. Zimbale zimapangidwa kuti ziziseweredwa pa makina a chigawo (Region) chake cha dziko: DVD ya ku UK ndi Region 2, PAL, ndipo makina a Region 1 a ku America amaikana. Pa Blu-ray UK ili mu Region B, komanso zimbale zambiri za BBC zimayenda pa 50Hz, moti makina kapena TV yodziwa 60Hz yokha ingathe kutulutsa mawu popanda chithunzi. Pomaliza, zimitsani zija za pa TV zosalaza kayendedwe ka zithunzi, chifukwa pa katuni wa mtundu uwu zimasiya mizukwa m'mphepete mwa manja ndi milomo.