Maulendo a m'dzinja ochokera ku Nchalo: Khulubvi, Chididi ndi linga la Fort Lister

Ku Nchalo kuli kagulu ka achinyamata kamene kamakonza maulendo afupiafupi a Loweruka ndi Lamlungu, kutenga anthu a m'chigwa cha Shire kukaona malo a mbiri yakale ndiponso kukapuma kumapiri. Maulendo awo ambiri amachitika m'dzinja, kuyambira mu Disembala mpaka mu Malichi, nthawi imene ambiri a ife timaganiza kawiri ngakhale tisananyamuke kupita kumaliro chifukwa choopa mitsinje. Ndayenda nawo kukachisi wa M'bona ku Khulubvi, kumapiri a Chididi, komanso kulinga lakale la Fort Lister ku Phalombe, ndipo maganizo anga ndi akuti ntchito yawo ndi yotamandika kwambiri akamayenda m'chigwa mwathu muno, koma imafooka akangokwera mtunda kupita kumene sakudziwako bwino.

Kalembera wake ndi wosavuta. Amalengeza ulendo pa WhatsApp, munthu n'kutumiza theka la ndalama pa Airtel Money kapena pa Mpamba, ndipo zotsalazo amalipira pokwera galimoto. Mtengowo umaphatikiza mayendedwe, chakudya chamasana ndi madzi akumwa. Galimoto yawo ndi minibasi yobwereka, yosatha kwenikweni, ndipo sathinitsamo anthu monga amachitira a matola. Amanyamuka kusanache, ndipo pa maulendo onse amene ndinali nawo anasunga nthawi.

Chimene ndimawalemekezera koposa ndi momwe amaopera madzi. Aliyense wokhala kuno amakumbukira madzi osefukira a mu Januwale 2015, namondwe Ana wa mu Januwale 2022 amene anadula msewu wa M1 malo angapo n'kuwononga damu la magetsi la Kapichira, ndiponso namondwe Freddy wa mu Malichi 2023. Vuto la chigwa chathu n'lakuti madzi amene amativulaza nthawi zambiri sagwa kuno ayi, amagwa kumtunda, ku Mwanza, ku Thyolo ndi ku Mulanje, kenaka n'kutsika ndi mitsinje pamene ife kuno dzuwa likuswa mtengo. Achinyamatawa amalidziwa bwino vutoli. Amatsatira uthenga wa nthambi yoona zanyengo, koma samalekera pomwepo: madzulo a tsiku loti mawa kuli ulendo amaimbira lamya anyamata a kabaza amene amakhala pafupi ndi milatho ya Mwanza, Lalanje ndi Thangadzi, kufunsa momwe madzi alili. Ulendo wina wa ku Nsanje anauimitsa usiku womwewo atamva kuti mtsinje wina wadzadza, ngakhale kuti kumwamba kunali koyera. Ena anadandaula chifukwa anali atakonzeka kale, koma ine ndinaona kuti anthu amene amalolera kutaya phindu la tsiku limodzi pofuna kuteteza miyoyo ya anthu awo ndi oyenera kuwakhulupirira. Chodandaulitsa n'chakuti ulendo ukalephereka sabweza ndalama, amangousunthira tsiku lina, ndipo lamulo limeneli sanalinene polembetsa. Kwa mphunzitsi kapena namwino amene wachita kupempha tchuthi cha tsiku limenelo lokha, zimenezi si zachilungamo. Ayenera kulemba lamuloli poyera, kapena kubweza gawo lina la ndalamazo.

Ulendo wa ku Khulubvi ndiwo umene ndikuulimbikitsa ndi mtima wonse. Khulubvi ndi nkhalango yopatulika imene ili pafupi ndi boma la Nsanje, ndipo ndi likulu la chipembedzo cha M'bona pakati pa Amang'anja. Malinga ndi mbiri imene makolo anasiya, M'bona anali munthu wa mphamvu zodabwitsa amene anakhalako m'nthawi ya ufumu wa Lundu. Ankagwetsa mvula, ankatulutsa madzi pamchenga, ndipo adani akamuthamangitsa ankatha kusanduka nkhanga. Amalume ake, a Mlauli, anamuchitira nsanje n'kufuna kumupha, koma mikondo ndi mipeni sizinamulowe, mpaka iye mwini anawauza kuti amudule ndi tsamba la bango. Magazi ake akuti anasanduka mtsinje wa Ndione, ndipo mutu wake unakaikidwa ku Khulubvi, kumene kachisi ali mpaka lero. M'chaka cha 2011 boma la Malawi linaika malowa, pamodzi ndi malo ena opatulika a M'bona, pamndandanda woyembekezera kuvomerezedwa ndi bungwe la UNESCO ngati chuma cha dziko lonse lapansi.

Nkhani imeneyi munthu angathe kuimva ali kunyumba, koma kuimvera pamalo pomwepo m'nyengo ya mvula n'kosiyana kwambiri, ndipo apa m'pamene ndinamvetsa chifukwa chimene achinyamatawa anasankhira dzinja. Kachisi uyu ndi wa mvula. Anthu akhala akupita kumeneko kukapereka nsembe pamene mvula yakana kugwa, ndiponso pamene kwagwa dzombe, matenda kapena madzi osefukira. Munthu amene wadutsa m'minda ya mapira ndi chimanga m'mawa womwewo, ataona mbewu zina zikufota pamene zina zamira, safunikira womufotokozera chifukwa chimene makolo athu anaikira mvula pakati pa chipembedzo chawo. Nkhalangoyo m'dzinja imakhala yobiriwira ndi yowirira, yamthunzi wozizira, ndipo imaoneka patali chifukwa mitengo ya m'madera oizungulira inatha ndi makala komanso nkhuni. Mwambo suloleza kudula mtengo kapena kupha nyama m'menemo, ndipo lamulo la makolo limeneli lateteza nkhalango kuposa momwe malamulo ambiri olembedwa achitira.

Otsogolera ulendo anachita zonse mwaulemu. Anali atapempha kale chilolezo kwa osunga malowo, ndipo tisanatsike m'galimoto anatilangiza kuti kumeneko si kumalo a masewera, kuti tidzavula nsapato, kuti sitidzajambula chithunzi popanda kuuzidwa, ndiponso kuti pali malire amene mlendo sadutsa. Titafika, mtsogoleri wathu, mtsikana wodekha wolankhula bwino Chimang'anja ndi Chisena, anagwada n'kuwomba m'manja, nati: "Agogo, tabwera ndi alendo anu kudzamva kwa inu eniake." Kuchokera pamenepo iye anakhala chete, n'kusiyira akuluakuluwo kuti afotokoze okha za M'bona, za Salima amene ndi mkazi wa mzimuwo, ndi za momwe anthu amasonkhanira pomanganso tinyumba ta kachisi tikatha. Ichi n'chinthu chimene otsogolera alendo ambiri amalephera, chifukwa amafuna kuonetsa kuti iwo ndiwo akudziwa. M'gulu mwathu munali Akhristu a mipingo yosiyanasiyana ndi Asilamu, ndipo palibe amene anakakamizidwa kuchita mwambo uliwonse wotsutsana ndi chikhulupiriro chake. Bambo wina wachikulire amene anali ndi nkhawa poyamba anafunsa mafunso ambiri kuposa tonsefe, ndipo anayankhidwa modekha. Mphatso yopita kwa osunga malowo inaperekedwa poyera, aliyense akuona, ndipo zimenezi zinachotsa kukayikira kumene kumakhalapo nthawi zambiri koti kaya ndalama zotere zimafikadi kwa eniake.

Ulendo wa ku Chididi ndi wa anthu amene atopa ndi kutentha. Chigwa chathu ndi chotsika kuposa dera lina lililonse m'Malawi, ndipo pamene Shire amalowera m'dziko la Mozambique m'pokwera mamita 37 okha kuchokera pa nyanja yamchere. N'chifukwa chake mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40, ndipo ngakhale mvula ikayamba, chifundizi sichilola munthu kugona. Chididi ili m'mapiri a kumadzulo kwa boma la Nsanje, kufupi ndi malire, ndipo kuli mishoni yakale ya mpingo wa Africa Evangelical. Mpweya wake ndi wozizira, ndipo ukaima pamtunda umaona chigwa chonse pansi, madambo odzadza madzi akunyezimira. Msewu wake ndi wafumbi, wokwera ndi woterera, choncho minibasi imasiyidwa kumunsi ndipo amabwereka galimoto yolimba ya mtundu wa pikapu. Agogo kapena mayi woyembekezera, ulendo umenewu ungamuvute, ndipo okonzawo amanena zimenezi mosabisa. Chakudya chinali nsima, nkhuku yakumudzi ndi bowa wa nyengo ino, zophikidwa ndi amayi a komweko, ndipo chinali chokoma ndi chokwanira.

Ulendo wa ku Fort Lister ndiwo unandikhumudwitsa, ndipo ndinena mwatsatanetsatane chifukwa malowo ndi ofunika. Linga limeneli linamangidwa m'chaka cha 1893, patangopita zaka ziwiri Angerezi atakhazikitsa ulamuliro wawo m'dziko muno pansi pa Harry Johnston. Lili pampata wa pakati pa phiri la Mchese ndi phiri lalikulu la Mulanje, ndipo linaikidwa pamenepo kuti litseke njira imene ogulitsa akapolo ankadutsa popita kugombe la nyanja yamchere ku Mozambique. Lero kwatsala zipupa zakugwa ndi manda, ena mwa iwo ndi a Gilbert Stevenson, mbale wake wa mlembi wa ku Scotland Robert Louis Stevenson.

Cholakwika choyamba n'chakuti ulendo wonsewu anaupanikiza m'tsiku limodzi. Kuchokera ku Nchalo munthu ayenera kuwoloka Shire pa mlatho wa Kamuzu ku Chikwawa, kukwera zitunda za Thabwa mpaka ku Blantyre, kudutsa Limbe, kenaka minda ya tiyi ya ku Thyolo ndi Mulanje, asanafike ku Phalombe ndi kuyamba msewu wafumbi wopita kumpatako. M'dzinja nkhungu imatsika pazitunda za Thabwa ndipo dalaivala wanzeru amayenda pang'onopang'ono, monga anachitira wathu. Zotsatira zake n'zakuti tinafika masana dzuwa litapendeka, mitambo ya mvula itayamba kusonkhana pamwamba pa Mchese, ndipo tinangozungulira zipupazo mothamanga. Ku Likhubula, kumene anatilonjeza kuti tikapumako pa Dziwe la Nkhalamba, sitinafikeko. Pamfundo yobwerera msanga sindikuwatsutsa, chifukwa mapiri amenewa ndiwo anagumuka ndi napolo m'nthawi ya Freddy n'kupha anthu ambiri ku Phalombe ndi ku Mulanje. Chimene ndikutsutsa ndi kugulitsa ulendo umene aliyense wowerengera mtunda wake akanaona kuti sungatheke m'tsiku limodzi.

Cholakwika chachiwiri ndi chachikulu kuposa choyamba. Wotitsogolera analibe zambiri zonena kupatula chaka chimene lingalo linamangidwa ndi dzina la mzungu amene anaikidwa m'manda pamenepo, ndipo sanapeze munthu wa m'deralo woti atifotokozere, monga anachitira ku Khulubvi. Komatu nkhani ya linga ili ikutikhudza ife eni chigwa, chifukwa Amang'anja ndi ena mwa anthu amene anagwidwa kwambiri ukapolo m'zaka za m'ma 1800, ndipo midzi yambiri ya m'mbali mwa Shire inabalalika chifukwa cha nkhondo za akapolo ndi njala. Panalinso mwayi wokambirana funso lovuta, loti malinga omwewa amene anathetsa malonda a akapolo ndiwo anakhazikitsanso ulamuliro wa atsamunda ndi msonkho wawo. M'galimoto munali ana a sukulu za sekondale amene amaphunzira zimenezi m'kalasi, ndipo anabwerako ndi zithunzi zokha. Zinandipweteka mtima.

Uphungu wanga kwa okonzawo ndi wakuti ulendo wa ku Mulanje ukhale wa masiku awiri, anthu agone ku Mulanje kapena ku Likhubula, akwere kulingako m'mamawa mvula isanayambe, ndipo alipire munthu wa ku Phalombe wodziwa mbiri ya malowo. Mtengo udzakwera ndithu, koma anthu adzalandira chimene alipirira, ndipo adzakhala ndi mpata wogula nanazi za ku Mulanje zimene zimachuluka nyengo yomweyi. Ndiwapemphenso kuti asaiwale zimene zili pakhomo pawo. Ku Kapichira ndi kumene David Livingstone anatsekeredwa ndi mathithi m'chaka cha 1859 pamene ankakwera Shire ndi sitima yake. Ku Chikwawa kuli manda a Henry Scudamore ndi John Dickinson, a mishoni ya Angilikani yotchedwa UMCA, amene anamwalira mu 1863, ndipo Bishopu Charles Mackenzie anamwalira mu 1862 kufupi ndi pamene Ruo amathira mu Shire, dera la Chiromo. Malo a ku Chikwawa ali pafupi ndi msewu, ndipo ulendo wa theka la tsiku ungakwane, ngakhale tsiku limene mitsinje ya kumwera yadzadza. Ulendo wotere ungathenso kukhala wolowa m'malo pamene wa ku Nsanje walephereka, m'malo mongosunga ndalama za anthu.

Kwa amene akufuna kuyenda nawo, yambani ndi ulendo wa ku Khulubvi, ndipo mutenge ana okulirapo amene angathe kukhala chete ndi kumvetsera. Tengani chitenje, ambulera kapena jekete ya mvula, nsapato zosaterera ndi thumba la pulasitiki lotetezera lamya. Musanatumize ndalama, funsani kuti chidzachitike n'chiyani ulendo ukalephereka, ndipo yankholo likhale lolembedwa. Wa ku Chididi pitani ngati msana wanu ungapirire mabampu. Wa ku Fort Lister dikirani kufikira atausintha kukhala wogonera komweko.