Petulo wa premium kapena kabotolo ka Techron ndi Liqui Moly: chimatsuka mainjekita n'chiti?

Pamalo omwetsera mafuta a ku Johannesburg dalaivala amafunsidwa ngati amwetsa 93 kapena 95. Ku America pampu imaonetsa 87, 89 ndi 91 kapena 93. Ambiri amaloza nambala yaikulu, ya petulo wotchedwa premium, poganiza kuti akuisambitsa injini m'kati, makamaka mainjekita, timipopi topopera petulo mu injini. Nambalayo ndi ya octane, ndipo octane siitsuka kanthu. Imangonena kuti petuloyo amapirira bwanji kupanikizidwa ndi kutentha asanaphulike yekha nthawi yake isanakwane. Akaphulika motero injini imagogoda ngati misomali m'chitini, makamaka pokwera chitunda ndi giya yaikulu. Kawerengedwe kakenso kamasiyana: 87 ya ku America ndi pafupifupi 91 kapena 92 pa muyezo wa RON umene South Africa, Japan ndi Ulaya amagwiritsa ntchito.

Chimene chimatsuka ndi mankhwala amene kampani imathira m'petulo ku depoti, pang'ono zedi poyerekeza ndi malita a m'thanki. Ku America boma lidalamula kuyambira 1995 kuti petulo aliyense akhale nawo, koma mlingo wa lamulowo udali wochepa. Mu 2004 BMW, General Motors, Honda ndi Toyota adakhazikitsa muyezo wawo wotchedwa Top Tier, umene umafuna mankhwala ochuluka m'petulo yense wa pa siteshoni, wotsika mtengo ndi wodula yemwe. Bungwe la eni magalimoto a ku America la AAA litayesa mu 2016 lidapeza kuti petulo wopanda Top Tier adasiya zinyalala pa mavalavu zochuluka ka 19 kuposa wa Top Tier, injini itayenda mtunda wofanana ndi mamailo 4,000. Kusiyanako kudachokera ku mankhwala, osati ku octane. Zoona, makampani ena amaonjezera mankhwala m'petulo wawo wodula, monga Shell imanenera za V-Power, koma pamenepo mukulipira zinthu ziwiri pamene injini yanu ikufuna chimodzi.

Premium ali ndi ntchito yake yeniyeni. Injini ya turbo kapena yopanikiza kwambiri imene wopanga adailembera petulo wa octane yokwera iyenera kumwa yemweyo. Mukaipatsa wotsika, kompyuta imamva kugogoda kudzera pa knock sensor n'kuchedwetsa moto wa mapulagi. Galimoto imafooka ndipo imamwa kwambiri. Pa magalimoto ochokera ku Japan yang'anani kuseri kwa kachitseko ka thanki: pakalembedwa プレミアム (premium m'Chijapani), galimotoyo idapangidwira petulo wa RON 96 kapena kuposa, pamene wamba wa ku Japan amayambira pa 89. Vitz, Passo, Sienta, Probox ndi Axio za injini ya 1KR-FE kapena 1NZ-FE ndi za petulo wamba. Kuzimwetsa 95 sikuonjezera mphamvu ngakhale pang'ono, makamaka ku Gauteng, dera la Johannesburg, kumene mpweya ndi wopepuka chifukwa cha kukwera kwa malo ndipo injini siigogoda msanga. Ku Durban ndi ku Cape Town funsolo kulibe, poti kunyanja amagulitsa 95 yekha.

Ku Malawi nkhani ya premium ndi ya m'mabuku. Pampu ya petulo ndi imodzi, mtengo amaika ndi a MERA, ndipo petuloyo amasakanizidwa ndi ethanol wa nzimbe kuyambira 1982, wochokera ku Dwangwa ndipo pambuyo pake ku Chikwawa. Mwini galimoto wa ku Lilongwe kapena ku Mzuzu akafuna kutsuka mainjekita osawachotsa, njira yachidule ndi kabotolo ka mankhwala othira m'thanki.

Mabotolo amenewa safanana, ngakhale onse alembedwa mawu okoma kutsogolo. Otsika mtengo ambiri ndi palafini wosakaniza ndi mowa wa isopropyl. Amasungunula zomata zofewa koma kaboni wouma samugwira. Ena ali ndi PIBA, imene imatsuka mainjekita ndi mavalavu bwino ndithu, koma ikhoza kuonjezera kaboni pamwamba pa pisitoni. Amphamvu ndi amene ali ndi PEA, kutanthauza polyetheramine, chifukwa mankhwalawa amapirira kutentha ndipo amafika mpaka mmene petulo amapsera asanathe mphamvu. Botolo likapanda kutchula chimene chili m'kati, fufuzani pepala lake la SDS, lofotokoza zosakaniza ndi kuopsa kwake, pa intaneti. Pamene wopanga wangolemba za petroleum distillates zokha, mwina mukugula palafini pa mtengo wa mafuta onunkhira.

Techron Concentrate Plus wa Chevron ndiye muyezo wa enawo. Ndi wa PEA, botolo la mamililita 355 limakwanira malita 45, ndipo wopanga amati muzithira pa mamailo 3,000 alionse, omwe ndi makilomita pafupifupi 4,800. Thanki ya Vitz ndi ya malita 42, choncho botolo limodzi ndi mlingo wake ndendende. Noah ya malita 60 imafuna botolo lalikulu, kapena muonetsetse kuti petulo yense m'thanki asapitirire malita 45 m'malo modzaza. Vuto lake ndi kupezeka: sapezeka paliponse. Red Line SI-1 ndi Gumout Regane nawonso ndi a PEA, ndipo akapezeka ndi olowa m'malo abwino.

Liqui Moly Injection Cleaner wa ku Germany sasowa kwenikweni m'mashopu a zipangizo za galimoto ku South Africa. Kachitini ka mamililita 300 kamakwanira mpaka malita 70, ndipo wopanga amati mphamvu yake imakhala makilomita 2,000. Kubwereza pafupipafupi chotero n'kokomera wogulitsa. Pa galimoto yoyenda bwino, kamodzi nthawi iliyonse musanasinthe oyilo n'kokwanira. Amachita bwino pa injini imene yayamba kunjenjemera ikaima pa maloboti kapena kuzengereza mukaponda mafuta, bola vutolo likhale lochokeradi ku mainjekita.

Za octane booster, mabotolo okweza octane, tisataye nthawi. Sizitsuka. Botolo likati limakweza mapointi 5, nthawi zambiri zikutanthauza 0.5 basi, ndipo zimene zili ndi MMT zimasiya utoto wofiirira pa mapulagi n'kufooketsa oxygen sensor ndi catalytic converter, zipangizo za pa paipi ya utsi.

Kathiridwe kake kali ndi dongosolo. Dikirani thanki itsike kufika pa kota kapena kutsikirapo. Thirani botolo lonse muli pa pampu pomwepo, kenako dzazani petulo kuti mphamvu ya pampu isakanize zonse. Yendani thankiyo mpaka itatsala pang'ono kutha osaonjezera malita asanuasanu panjira, chifukwa kuonjezerako kumasukulutsa mankhwala asanagwire ntchito. Ulendo wautali, ngati wa Blantyre mpaka Lilongwe pa M1, umathandiza kuposa kuzungulira m'tauni, popeza injini imakhala yotentha maola angapo ndipo mainjekita amapopera mosalekeza. Mukatero sinthani oyilo, chifukwa gawo lina la mankhwala limadutsa pa maring'i n'kulowa mu sampu. Mabotolo awiri m'thanki imodzi satsuka kawiri. Amangochepetsa kulimba kwa oyilo. Ndipo botolo lopangidwira petulo lisalowe m'galimoto ya dizilo.

Chifukwa chimene injekita imatsekera n'chosavuta kumva. Mukazimitsa injini yotentha, kadontho ka petulo kamatsala kunsonga kwa injekita. Madzi ndi fani zaima, kutentha kumakwera kwa mphindi zingapo, kadonthoko kamauma n'kusiya phula. Timabowo ta injekita n'tating'ono kwambiri, choncho phula lochepa lomwelo limasintha kapoperedwe: m'malo mwa nkhungu imatuluka mizere ya petulo imene siipsa bwino. Galimoto ya maulendo aafupi, yozimitsidwa kakhumi pa tsiku ngati takisi kapena yoperekera katundu, ndiyo imadwala msanga, ndipo ndiyo imapindula kwambiri ndi kabotolo.

Pali injini zimene premium ndi kabotolo zonse zimalephera kutsuka mavalavu ake. Pa injini wamba injekita imakhala kuseri kwa valavu yolowetsa mpweya, imapopera pa mphamvu ya mabar atatu kapena anayi, ndipo petulo amasambitsa valavuyo nthawi iliyonse. Pa injini za direct injection petulo amalowa m'silinda mwachindunji pa mphamvu ya mabar 50 mpaka 200, valavu osaikhudza n'komwe. Nthunzi ya oyilo yochokera ku PCV (valavu yopumira injini) ndi mwaye wa EGR (njira yobweza utsi mu injini) zimamatirira pa valavu yotenthayo mpaka njira ya mpweya kuchepa. Zoterezi ndi 1AZ-FSE ya Toyota D-4 ya mu Noah, Voxy ndi Wish zakale za 2.0, 4GR-FSE ya Mark X ya 2.5, GDI ya Mitsubishi monga ya Pajero iO, ndi TSI zambiri za Volkswagen. PEA idzatsuka nsonga za mainjekita ake, zimene n'zothandiza, koma mavalavu amafuna makaniko achotse manifodi, atseke mavalavu a silinda imodziimodzi pozunguza injini, n'kupala kaboni ndi burashi ndi mankhwala kapena kuwomba ndi makoko a walnut operapera. Kaboniyo akagwera m'silinda valavu ili yotsegula, ntchito yasanduka ina. Toyota idaika mainjekita a mitundu yonse iwiri pa injini zake za D-4S, monga pa 2GR-FSE, ndipo kumeneko vutoli ndi lochepa.

Musanagule botolo, tsimikizani matenda. Kunjenjemera ndi kutsokomola kwa injini kawirikawiri kumachokera ku koyilo yofooka, mapulagi otha, MAF sensor (yoyeza mpweya wolowa) ya fumbi, throttle body (chipata cha mpweya) yakuda kapena kapaipi ka mpweya kong'ambika. Makina a OBD, owerenga zovuta zimene kompyuta ya galimoto yalemba, akaonetsa P0302, silinda yachiwiri ndiyo ikuphonya: sinthanitsani koyilo yake ndi ya silinda yachitatu, vuto likasamukira ku P0303 ndiye kuti ndi koyilo. Long term fuel trim, nambala yoonetsa petulo amene kompyuta ikuonjezera pa mlingo wake, ikapitirira +10 peresenti kapena pakabwera P0171, injini ikusowa petulo kapena ikuba mpweya. Fuel trim ikakhala yokwera pa idle n'kutsika mukaponda, funani pobowoka pa njira ya mpweya. Ikakwera pamene mwaponda, ganizirani pampu, fyuluta kapena mainjekita. Lembani nambalayo musanathire mankhwala ndi pambuyo pa thanki imodzi. Ikapanda kusuntha pambuyo pa mabotolo awiri otsatizana, lachitatu ndi kutaya ndalama. Mainjekita achotsedwe, atsukidwe pa makina a ultrasonic, ayesedwe m'machubu oyezera kuti onse akupereka mofanana, ndipo aikidwe timasefa ndi ma O-ring atsopano. O-ring yakale imadontha petulo pamwamba pa injini yotentha.

Chimene chimapha mainjekita ambiri ku Malawi si phula ayi, koma fumbi, dzimbiri ndi madzi. Mafuta akasowa pa pampu anthu amagula a m'zigubu, ndipo chigubucho dzulo lake mudali madzi kapena dizilo, mwinanso wogulitsa waonjezera palafini, amene amagwetsa octane mpaka injini kugogoda. Ethanol amayamwa madzi pang'ono popanda vuto, koma akachuluka amapatukana ndi petulo n'kukhala pansi pa thanki pomwe pampu imakokera. Palibe Techron kapena V-Power wochotsa mchenga kapena madzi otere. Thanki iyenera kukhuthulidwa. Pa galimoto yakale ya thanki yadzimbiri, mankhwala amphamvu akhoza kusenda litsiro n'kulitumiza ku sefa ya pampu, galimoto n'kuyamba kufa pa zitunda patatha masiku awiri. Pa Toyota zambiri zazing'ono fyuluta ndi pampu zili pamodzi m'kati mwa thanki, ndipo zimafikirika pochotsa mpando wakumbuyo. Yambani kumeneko: chotsani fyuzi ya pampu, lizani injini mpaka izime yokha kuti mphamvu ya m'paipi ithe, masulani waya wa negetivu pa batire, ndiyeno tsegulani chivundikiro zitseko zonse zili pululu.