Chrony, ntpd kapena ntpdate ya mu cron: ndi iti yoti isunge nthawi pa seva?

Anzanga amene amayang'anira timaseva ta Linux m'masukulu ndi m'maofesi akhala akundifunsa funso limodzimodzi: kodi kaskripiti ka ntpdate (lamulo lokonza wotchi kamodzi potengera nthawi ya pa intaneti) koika mu cron (chida choyendetsa malamulo pa nthawi zoikika) kuti kazikonza wotchi ola lililonse sikokwanira? Ayi, sikokwanira, ndipo ngati muli nako kachotseni lero lomwe.

Vuto la ntpdate ndi loti imachita zinthu mwankhanza. Ikapeza kuti wotchi yathamanga kupitirira theka la sekondi, imangoibweza m'mbuyo pomwepo. Mukamawerenga ma log mumapeza chinthu chatha chisanayambe, ndipo Dovecot yakale, pulogalamu ya seva ya imelo, inkangodzizimitsa yokha ikaona kuti nthawi yabwerera m'mbuyo. Choipitsitsa, ntpdate siphunzira kalikonse. Siidziwa kuti wotchi ya makina anu imathamanga kapena kutsalira motani, ndiye ikangomaliza, wotchi imayambanso kusochera mpaka ola lina. Eni ake omwe anasiya kalekale kuilimbikitsa.

Ntpd, pulogalamu imene imakhala ikukonza wotchi nthawi zonse, ndimaipatsa ulemu wake. Ndi ntchito ya David Mills, amene analemba NTP, njira yogwirizanitsira mawotchi a makompyuta pa netiweki, mu 1985, ndipo pa seva yosazima, yokhala ndi intaneti yokhazikika, imasunga nthawi bwino kwambiri. Koma ndi yochedwa: ikamakonza wotchi pang'onopang'ono siipitirira 500 ppm (magawo 500 pa miliyoni), kutanthauza kuti sekondi imodzi yokha imaitengera mphindi zoposa 30. Ikapeza kuti wotchi yasiyana ndi masekondi oposa 1000, imangosiya ntchito n'kuzima, pokhapokha mutaiyatsa ndi -g. Kumalo kumene magetsi amathimathima ndipo kabatire ka pa motherboard kanatha, mudzakumana nazo zimenezi ndithu.

Komabe chimene ndinaisungira chakukhosi ndi china. Ntpd yakale inali ndi lamulo lotchedwa monlist: munthu aliyense pa intaneti ankatha kuitumizira kafunso kochepa pa UDP port 123 (khomo limene NTP imagwiritsa ntchito), iyo n'kuyankha ndi mndandanda wa ma adiresi mpaka 600 amene inalankhula nawo. Zigawenga zinkanamizira adiresi ya munthu amene zikufuna kumuwononga, mayankho onse aakuluwo n'kumakagwera kwa iyeyo. Mu February 2014 Cloudflare, kampani yoteteza mawebusayiti, inalengeza za chiwembu chotere chimene chinafika pafupifupi 400 Gbps. Monlist anali ataichotsa kale mu ntpd 4.2.7p26, koma maseva ambiri anapitiriza kuyenda ndi 4.2.6 kwa zaka.

Seva ina imene ndinaisiyiridwa, yobwereka ku kampani yakunja, inali m'gulu limenelo. Webusayiti inkatseguka bwinobwino, palibe amene anadandaula, koma usana ndi usiku seva inali ikulavula data kupita kwa anthu osawadziwa. Kampaniyo sinatumize chenjezo ngakhale limodzi. Inangodikira mwezi uthe n'kutumiza bilu ya data yopitirira mlingo, ya madola. Amene amalandira malipiro ake m'makwacha akudziwa mmene bilu yotere imapwetekera, makamaka pamene simunagwiritsepo ntchito ngakhale kachidutswa ka data imeneyo. Ntpd yamasiku ano ilibe vutoli, ndikuvomereza, koma mtima wanga sunabwererenso kwa iyo.

N'chifukwa chake ndimasankha chrony, pulogalamu ina yogwira ntchito yomweyi. Mukangoiika, siyankha munthu wakunja aliyense mpaka inuyo mutalemba allow mu chrony.conf. Inapangidwa poganizira makina amene intaneti yake imadukaduka, ndiye netiweki ikabwerera imagwira nthawi msanga. Mzere woti makestep 1.0 3 umailola kudumphitsa wotchi pa kukonza kutatu koyambirira kokha ikangoyaka, kenako imakonza mofatsa osabweza nthawi m'mbuyo. Red Hat inayamba kuiika ngati yokhazikika mu RHEL 7 (Linux ya kampaniyi), ndipo pofika RHEL 8 ntpd inachotsedwa. Kuyambira chrony 4.0 ya 2020 muli NTS, yotsimikizira kuti nthawi mukulandirayo palibe waisokoneza panjira.

Systemd-timesyncd, kapulogalamu kena kosavuta kokonza wotchi, ndi yabwino pa laputopu kapena pa ka VPS (kaseva kobwereka) kopanda ntchito yaikulu, koma imamvera seva imodzi panthawi imodzi, ndiye imodziyo ikanama palibe woitsutsa.

Tsopano za kuyang'anira data, poti bilu ija ikanapeweka ndi kachida kochepa. Iftop imakuonetsani amene seva ikulankhula naye pakalipano, ndipo moto ukabuka ndi imene ndimayamba kuitsegula, koma mukangoitseka yaiwala zonse. Skripiti yanuyanu yowerenga /proc/net/dev (fayilo imene Linux imaonetsamo kuchuluka kwa data yolowa ndi yotuluka) imagwira, kungoti manambala amenewo amayambiranso pa ziro seva ikazima, ndipo ambiri amaiwala kusamalira zimenezo. VnStat imawerenga manambala omwewo a kernel, siigwira paketi iliyonse, choncho siilemetsa makina, ndipo imasunga mbiri. Mukalemba vnstat -d mumaona tsiku ndi tsiku, ndipo mzere wa tx (data yotuluka) ukakwera mosadziwika bwino mumauona pa tsiku lachiwiri, osati lakumapeto kwa mwezi.

Chenjezo limodzi: vnStat imadalira wotchi ya seva poika data pa tsiku lake. Kakompyuta kakang'ono kotchedwa Raspberry Pi 4 kalibe wotchi ya batire, ndiye kakayaka magetsi atabwerera intaneti isanalumikizike, data imatha kulembedwa pa tsiku lolakwika. Onetsetsani kuti vnStat ikuyaka nthawi itakonzedwa kale. Chronyc waitsync, lamulo lodikira mpaka chrony itakonza wotchi, ilipo chifukwa cha ntchito ngati imeneyi.

Skripiti imene ndimaisiya mu cron siikhudza wotchi n'komwe. Imangowerenga mzere wa System time kuchokera ku chronyc tracking, n'kuwerenganso tx ya tsikulo ku vnStat, ndipo imanditumizira uthenga wotchi ikasiyana ndi theka la sekondi kapena data yotuluka ikaposa kawiri ya masiku onse. Mu chrony.conf ndimaika africa.pool.ntp.org ndi maseva ena awiri kapena atatu apadera, chifukwa maseva a mu Africa mu pool (gulu la maseva opereka nthawi) ndi ochepa, ndipo ndimatseka UDP 123 yolowa pa firewall ngati seva siikupatsa ena nthawi.