Gogoda ya stiletto kapena ya wedge?

Nsapato ya stiletto, yokhala ndi chidendene chowonda komanso chosongoka, inatchuka m'zaka za m'ma 1950, makamaka kudzera mwa Roger Vivier yemwe ankapangira nsapato kampani ya Dior ku Paris. Ya wedge, yomwe pansi pake ndi podzaza kuchokera kuchidendene mpaka pakati pa phazi, anaitchukitsa Salvatore Ferragamo ku Italy m'zaka za m'ma 1930, pamene chitsulo chinasowa ndipo iye anagwiritsa ntchito khungwa lopepuka la mtengo wa cork.

Pa kukongoletsa, stiletto imadalira zonyezimira ndi mikanda pamwamba pa phazi, pomwe wedge imapereka malo otambalala m'mbali mwake, amene amakutidwa ndi chingwe cholukidwa kapena chikopa chamitundumitundu.

Pa kulimba, kamphira kakunsonga kwa stiletto kamatha msanga, ndipo kakatha, kachitsulo kamayamba kulira pasimenti mpaka mutapita kwa wosoka nsapato. Wedge imatha pang'onopang'ono.

Pa kuyenda, stiletto imatitimira pakapinga ndi pamchenga, koma wedge imaponda mokhazikika, ngakhale kuti siyipindika ndipo ikapendekeka imatha kubinya mwendo.

Stiletto ndi yoyenera mayi wopita kumwambo wa muholo pagalimoto. Wedge ikuyenera amene adzaima nthawi yayitali kapena kuvina pabwalo.