Bravecto: zaka ziwiri ndikumupatsa galu wanga, nazi zomwe ndaona

Galu wanga woyamba, Bruno, anafa mu Febuluwale, mvula ili pakati. Lolemba anakana nsima. Lachiwiri anangoswera pansi pa mtengo wa mango, osadzuka ngakhale wina agogode pageti. Lachitatu mkodzo wake unali wofiirira ngati tiyi wopanda mkaka. Ine n'kumati wadya tameki, akuba akufuna kutilowera usiku. Nditafika naye kwa adokotala a ziweto, iwo anangotukula mlomo wake n'kundionetsa nkhama, zili mbee ngati pepala. Anati ndi matenda a nkhupakupa, aja amawatchula kuti biliary: nkhupakupa ikaluma imasiya tizilombo tomwe timaphwanya magazi a galu mpaka kumutheratu. Tinachedwa naye. Anali ndi zaka 4 zokha.

Ndayamba ndi nkhani ya maliroyi kuti mudziwe chifukwa chake munthu wamba ngati ine, wa ku Chilomoni kuno, ndimatulutsa ndalama yooneka kugulira galu piritsi la nkhupakupa lotchedwa Bravecto. Amene ndili naye pano ndi Asiyeni, wamkazi, wa lokolo wosakanizika pang'ono ndi mtundu wa apolisi uja. Dzinalo anamupatsa ndi mayi a kunyumba, ndipo amene linkawanena akudzidziwa okha.

Chaka choyamba Asiyeni ndinkamusambitsa dipi Loweruka lililonse. Dipi amagwira ntchito, sindikumunyoza. Vuto ndi ife anthu. Sabata ino kuli ukwati, sabata yamawa maliro, inayo madzi asiya kumpopi, ndipo ukadzakumbuka wapeza makutu a galu adzaza nkhupakupa zonenepa ngati nsatsi. Ukamusambitsa m'mawa, masana mvula yamutsuka. Galunso amadziwa: akangoona beseni ndi magolovesi, ulendo kuseri kwa bafa. Pamenepo n'kuti sitinanene za anzathu ena amene amapaka galu oyilo wakuda wa galimoto kapena mankhwala opopera tomato. Abale anga, zimenezo ziweto zimanyambita, ndipo ana anu amazigwira.

Bravecto ndi piritsi lotafuna, lofewa, la fungo la nyama, lopangidwa ndi kampani ya MSD Animal Health. Mankhwala ali m'katimo dzina lake fluralaner. Galu akalidya, mankhwalawo amalowa m'magazi ndipo nkhupakupa kapena utitiri zikamuluma zimafa. Piritsi limodzi limagwira ntchito masabata 12, ngakhale kuti pa mitundu ina ya nkhupakupa mphamvu yake imayamba kuchepa pa masabata 8. Limagulitsidwa potengera kulemera kwa galu: makilogalamu 2 mpaka 4.5, kenako mpaka 10, mpaka 20, mpaka 40, lalikulu kwambiri mpaka 56. Asiyeni ali ndi makilogalamu 23, ndiye amadya la 20 mpaka 40. Apa musayerekeze kungoyeza ndi maso. Ine ndimakwera pa sikelo ndekha, kenako n'kukweranso nditamunyamula, n'kuchotsera. Pa shopu ina mnyamata wogulitsa anandiuza kuti ndigule lalikulu ndidule pakati, ndigawire agalu awiri. Ndinakana, ndipo adokotala anati ndinachita bwino, piritsili silidulidwa.

Tsiku loyamba ndinamupatsa pa nthawi ya chakudya monga amanenera. Analinunkhiza, n'kulimeza ngati chitumbuwa. M'mawa mwake ndinapeza nkhupakupa zouma pa thumba lomwe amagonera, zina zikadali m'khutu koma zakufa, zongothothoka ukazikhudza. Kukanda kuja kwa usiku wonse, mwendo kumenya chitseko ngati ng'oma, kunatha m'masiku awiri. Patatha mwezi ubweya wa kumchira womwe unali utathothoka unamera. Kuyambira pamenepo ndamupatsa kasanu ndi katatu, ndipo dzinja ziwiri zadutsa osadwala.

Chimene anthu ambiri samvetsa, ndipo nanenso chinandidabwitsa poyamba, n'chakuti piritsili silithamangitsa nkhupakupa. Imakwerabe galu, imalumabe, kenako ndiye imafa. Choncho mukaona kankhupakupa kakuyenda pamsana musathamangire kunena kuti mwagula feki. Komanso kutanthauza kuti ngozi ya matenda siitheratu, imangochepa kwambiri. Silipha njoka za m'mimba. Si katemera. Ndipo ngati galu wanu anagwapo khunyu, kapena ndi kamwana kakang'ono kwambiri, yambani mwafunsa adokotala musanagule. Papepala la m'bokosi alembanso kuti agalu ena amasanza kapena kutsegula m'mimba, Asiyeni sizinamuchitikirepo.

Mtengo wake ndiye umawawa, tisanamizane. Ndi katundu wochokera kunja, ndiye amavina ndi dola. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 ndinakhala kaye pansi n'kuwerengera ngati ndibwerere ku dipi. Nditaphatikiza ndalama ya dipi wa miyezi itatu, sopo, madzi, ndi zomwe ndinalipira tsiku limodzi lokha lija pa Bruno, yemwe sanachirenso, ndinapitiriza. Nthawi zina limasowa m'mashopu, ndiye ndimagula kukadali masabata awiri tsiku lisanakwane, ndipo ndimayang'ana deti pabokosi.

Koma phindu lalikulu lomwe ndapeza silinalembedwe pabokosipo. Masabata 12 aja anandipatsa kalendala. Tsiku la piritsi ndi tsikunso loyeza kulemera, lopereka mankhwala a njoka, lochapa matumba ogonera n'kuwayanika pa waya, losesa ndi kuthira madzi otentha m'ming'alu ya khola momwe nkhupakupa zimabisala. Kale zonsezi ndinkachita ndikakumbuka, kutanthauza kuti sindinkachita.

Kuyeza kumeneku n'komwe kunandigwira ndi mlandu. Pa ulendo wachitatu sikelo inati 27. Galu wa m'tauni, wotsekeredwa m'khola usana wonse, kumadya makoko a nsima, mafuta otsala m'poto, zotsala za ana, ife n'kumanyadira kuti akuoneka bwino. Adokotala anandigwiritsa nthiti zake: zizimveka ukasisita ndi dzanja osakanikiza, koma zisamawerengeke ndi maso uli patali. Za Asiyeni zinali zitakwiririka. Anandiuzanso za kafukufuku wa ku America yemwe zotsatira zake zinatuluka mu 2002. Anatenga agalu 48 a mtundu wa Labrador, theka n'kumawapatsa chakudya chochepa ndi gawo limodzi mwa magawo anayi poyerekeza ndi anzawo, moyo wawo wonse. Odya mochepawo anakhala ndi moyo pafupifupi zaka ziwiri kuposa anzawo, ndipo matenda a m'mafupa anawapeza mochedwa. Zaka ziwiri kwa galu si masewera.

Ndikudziwa kuti kwathu kuno agalu ambiri vuto lawo si kunenepa, ndi nsima yopanda kanthu. Ya Asiyeni ndimaphika ya mgaiwa, kusakaniza bonya kapena usipa wophwanyika uja wotsika mtengo, masamba a nkhwani pang'ono, dzira kawiri pa sabata, popanda mchere wambiri. Amadya kawiri, m'mawa ndi madzulo, muyezo wake kambale kamodzimodzi. Ndiwo zathu za anyezi sapatsidwa, chifukwa anyezi amawononga magazi a galu. Mafupa a nkhuku ophika ndinaletsa, amathetheka n'kubaya m'matumbo. Ana ndinawauza kuti chokoleti adye okha. Ndipo galu akaoneka wofooka musamumwetse Panado kapena Brufen wa m'kabati mwanu. Mankhwala a anthu apha agalu ambiri eni ake akuti akuthandiza.

Madzi ndimasintha m'mawa uliwonse, ndipo mu Okutobala kawiri. Kuyenda timayenda 5 koloko m'mawa, pa chingwe, mphindi 30 kapena 40, kulowera cha kuphiri la Michiru n'kubwerera dzuwa lisanatenthe msewu. Anthu poyamba ankaseka, ati bambo awa asanduka mzungu. Makilogalamu anayi aja anachoka m'miyezi isanu, ndipo lamba wanga nayenso anabwerera bowo limodzi.

Tikabwerako ndimakhala pakhonde n'kumusisita thupi lonse, mphindi ziwiri basi: m'makutu, m'khosi, pakati pa zala, kumimba. Pomaliza ndimatukula mlomo kuona nkhama, zikhale zofiirira bwino, osati zoyera kapena zachikasu. Ndi m'mene ndinapezera mphutsi zitatu pamimba pake dzinja lathali, timatuza tokhala ndi kabowo pakati, zija zimachokera ku ntchentche yoikira mazira pa dothi lonyowa ndi mkodzo. Ndinapaka Vaseline, n'kuzifinya, n'kumusamutsa pogona kuchoka pa dothi kupita pa simenti. Ndi m'menenso ndinaonera dzino lothyoka lomwe likanamuvunditsa m'kamwa.

Katemera wa chiwewe salumpha chaka. Ku Blantyre kuno tili ndi mwayi, a Mission Rabies akhala akubaya agalu ulere kuyambira 2015, ndipo ndimapita naye pa sukulu ya pulaimale akalengeza. Katemera winayo, wa parvo ndi matenda ena, ndimalipira kwa adokotala. Ndinamutseketsanso kuti asamabereke. Achimwene anga anadandaula kuti ndawamana ana agalu, koma chiyambireni Asiyeni sathawanso usiku kukasaka amuna, komwe agalu amagundidwa ndi galimoto, kulumana, n'kutengako zotupa za kumaliseche zija zimafala pokwerana.

Pa nyenyezi zisanu ndikupereka zinayi, imodziyo yadyedwa ndi dola. Amene muli ndi agalu angapo ndipo thumba silikulola, dipi wa sabata ndi sabata osalumpha aposa piritsi logula kamodzi n'kuiwala. Amene muli ndi mmodzi kapena awiri ndipo Loweruka lanu silidziwika ngati langa, gulani. Asiyeni akwanitsa zaka 4 mwezi wamawa, msinkhu womwe Bruno anathera. Piritsi lake lachisanu ndi chinayi lili kale m'kabati, deti ndalemba ndi makala kuseri kwa chitseko cha khitchini.