Wingcopter 178 ku Kasungu: pa kakatundu kachangu ndi katswiri, pa wodwala ayi

Pali ndege zatsopano zonyamuka chilili ngati helikopita, kenako n'kumauluka ndi mapiko ngati ndege wamba, ndipo ena ayamba kale kunena kuti helikopita yatha ntchito. Kuno ku Kasungu mawuwa tili ndi powayesera. Mu June 2017 boma ndi UNICEF adatsegula dera loyeseramo madroni, ndege zazing'ono zouluka popanda woyendetsa mkati, pabwalo la ndege la Kasungu, lofika makilomita 40 mbali zonse, ndipo imodzi mwa madroni amene akhala akunyamula mankhwala kupita kuzipatala zakumudzi ndi Wingcopter 178, yopangidwa ku Germany.

Nambalayo ndi kutalika kwa mapiko, masentimita 178 kuchokera kunsonga kufika kunsonga inzake. Ili ndi mamota anayi amagetsi, iliyonse ndi pulopela yake. Ponyamuka mapulopela amakankhira mphepo pansi. Ikakwera ndithu mamotawo amapendekeka madigiri 90, mapiko n'kulandira ntchito yonyamula. Eni ake amati imasenza mpaka makilogalamu 6 ndipo ikakhala yopepuka imafika makilomita 120. Zonse ziwiri paulendo umodzi sizitheka. Mukaidzaza, mtunda umatsika kwambiri.

Ubwino wake uli m'mapikomo. Helikopita imadalira pulopela ulendo wonse, n'chifukwa chake imamwa mafuta ngati ilibe mawa, komanso giyabokosi yake ndi pulopela yakumchira zimafuna mmisiri pafupipafupi. Droniyi imalimbana ndi kulemera kwake mphindi zochepa zokha, ponyamuka ndi potera. Masampulo a magazi, makhololo oyeza TB, katemera, jekeseni wa oxytocin wa mayi amene akutaya magazi atabereka: zoterezi imafikitsa msanga, ngakhale mu February njinga yamoto itatitimira kudambo.

Koma mphindi zochepazo ndiye zimadya batire. Kuyandama malo amodzi kumatenga magetsi ochuluka kangapo kuposa kuuluka ndi mapiko. Onjezani apo kuti Kasungu ali pamtunda wopitirira mamita 1,000, ndipo masana a October mpweya umakhala wopyapyala, mapulopela amavutikira kuti agwire. Droni ikafika n'kupeza mbuzi pabwalo, n'kumadikira m'mwamba kuti wina azipirikitse, magetsi obwererera akupita. Konzani ulendo woti itere batire itatsala ndi gawo limodzi mwa magawo anayi, ndipo kuchipatala kukhale munthu wodziwa ola lake.

Poterapo pasakhale mitengo ya bulugamu kapena mawaya a magetsi pafupi. Sesani, thirani madzi. Fumbi la katondo likadzuka limalowa m'mabering'i a mamota ndi m'timahinji topendeketsa mamotawo, ndipo hinji imodzi ikachedwa kutembenuka droni imapendama pa nthawi yoopsa kwambiri, posintha kuchoka pa mapulopela kupita pa mapiko. Ena amayala lona. Ngati simunaikhomerere ngodya zonse zinayi, mphepo ya mapulopela idzaitukula n'kuikulunga m'mapulopela momwemo.

Kachinthu kamene ambiri amakapeputsa ndi pitot tube, kachubu kowonda koloza kutsogolo. Kamayeza liwiro la mphepo, ndipo kompyuta ya droni imadalira iko kudziwa ngati mapiko agwira. Fumbi, dontho la mvula kapena mavu omanga ndi dothi akakatseka, kompyuta imawerenga liwiro labodza. Kavundikireni droni ikaima, kavundukuleni musananyamuke, ndipo onani pa sikirini kuti liwiro likuwerenga pafupi ndi ziro pamene kulibe mphepo. Musauzire ndi pakamwa kuti mukatsegule. Sensa yake ndi yosalimba.

Mabatire nawo ali ndi mwambo wawo. Yotentha, yongotsika kumene, isaikidwe pa chaja mpaka itazizira. Yotupa ichotsedwe pantchito tsiku lomwelo. Yosagwiritsidwa ntchito masiku angapo isungidwe ili ndi magetsi cha theka, pamthunzi. Bokosi la katemera limafuna madigiri 2 mpaka 8, ndiye ayezi wakeyo muwerengereni pa sikelo limodzi ndi katundu, n'kumanga zolimba kuti zisamasunthe mkati. Mwera wa June ndi July ukalimba, kapena kamvuluvulu akamazungulira pabwalo, dikirani.

Nanga zonyamula anthu? Joby ya ku America ili ndi mapulopela 6, woyendetsa mmodzi ndi okwera anayi. EHang EH216-S idalandira chilolezo ku China mu 2023. Koma makampani a Lilium ndi Volocopter, onse a ku Germany, adagwa chifukwa cha ngongole kumapeto kwa 2024. Gwero la vuto ndi kulemera: kilogalamu imodzi ya mafuta a ndege ili ndi mphamvu zoposa za kilogalamu ya batire maulendo oposa 40. Namondwe wa Freddy atakokolola misewu kuchigawo chakummwera mu 2023, zimene zidafikira anthu otsekeredwa ndi madzi ndi mahelikopita ndi maboti.

Choncho chipatala ngati cha Simlemba kapena Chulu chikafuna kutumiza masampulo kuboma, droni yamapikoyi ndi yoyenera. Mayi wofunika opaleshoni usiku, mvula ili mkati, adzafunabe ambulansi yokhala ndi mafuta m'thanki.